Tikufuna kulowa mpikisano wopanga gemu ya zaumoyo: tiyambire pati?

Funso lachokera kwa mtsikana wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Walemba motere:

“Ndinamaliza maphunziro a zamakompyuta chaka chatha koma ntchito sinapezekebe. Ndaona chilengezo cha mpikisano wopanga magemu a pafoni olimbikitsa umoyo wabwino. Tilipo atatu: ine ndimalemba code, mnzanga akuphunzira unamwino, ndipo mlongo wanga wamng'ono amatha kujambula. Taganiza zopanga gemu ya mafunso a malungo, kolera, Edzi ndi BP, wokhoza azipata mapointi. Kwatsala miyezi 2, ndipo laputopu yathu ndi yakale. Kodi gemu ingasinthedi umoyo wa munthu kapena tikungotaya nthawi? Nanga oweruza amayang'ana chiyani?”

Achemwali, mpikisanowo lowani ndithu. Atatu inu mwakwanirana bwino kuposa magulu ambiri amene ndakhala ndikuwathandiza pa ntchito yotere, chifukwa kawirikawiri amabwera anyamata a code (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsata) okhaokha, popanda ndi mmodzi yemwe amene anaimapo pafupi ndi bedi la wodwala. Koma gemu ya mafunso ija ndikupemphani kuti muiike kaye pambali. Ndifotokoza chifukwa chake, ndipo mbali yaikulu ya yankho langa ithera pomwepo.

Ndiyambe ndi nkhawa yanu yoti mwina mukutaya nthawi. Umboni woti gemu ikhoza kuthandiza ulipo. Mu 2006 bungwe la HopeLab ku America linatulutsa gemu ya pakompyuta yotchedwa Re-Mission, ya achinyamata odwala khansa. Wosewera amayendetsa kaloboti kakang'ono m'kati mwa thupi la wodwala n'kumawombera maselo a khansa, ndipo zida zake ndi mankhwala omwewo amene wodwalayo amalandira kuchipatala. Anaiyesa pa odwala 375, zotsatira n'kutuluka mu 2008 m'magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics: amene anasewera gemuyi ankamwa mankhwala awo mokhulupirika kuposa anzawo amene anapatsidwa gemu wamba. Ku New Zealand, akatswiri a pa University of Auckland anapanga SPARX, ya achinyamata ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wa mu 2012 pa achinyamata 187 anapeza kuti inawathandiza mosasiyana kwenikweni ndi chithandizo cha nthawi zonse, chomwe kwa ambiri chinali uphungu wa maso ndi maso. Pofika 2020 bungwe la FDA ku America linavomereza kuti madokotala azitha kulembera ana a zaka 8 mpaka 12 gemu yotchedwa EndeavorRx, ya ana amene amavutika kuika chidwi pa chinthu chimodzi.

Yapafupi ndi kwathu ndi Tumaini, imene inayesedwa ku Kisumu m'dziko la Kenya ndi akatswiri a Emory University pamodzi ndi bungwe la kafukufuku la KEMRI. Ndi ya ana a zaka 11 mpaka 14, ndipo cholinga chake n'kuwakonzekeretsa kupewa HIV asanayambe zibwenzi. Mwana amasankhira zochita anthu a m'nkhani, n'kuona pamene chisankhocho chawafikitsa. Mu 2017 anatenga ana 60, theka lawo n'kuwabwereka mafoni okhala ndi gemuyi kwa masiku 16, ndipo anawo anasonyeza kudziwa zambiri ndi kudzidalira kuposa anzawo aja. Mawu oti “kuwabwereka mafoni” muwasunge, tibwereranso.

Pali umboni winanso wotichenjeza. Pokémon Go, gemu ya pafoni imene munthu amasewera akuyenda panja, itatuluka mu July 2016, dziko lonse linaitamanda kuti yadzutsa anthu pampando. Ofufuza atawerenga mapazi amene mafoni a osewera ankalemba, anapeza kuti sabata yoyamba munthu ankawonjezera masitepe pafupifupi 955 patsiku, koma pofika sabata yachisanu ndi chimodzi anali atabwerera mwakale. Chidwi cha chinthu chatsopano chimazilala msanga. Komanso gemu yolimbikitsa kuyenda pansi ilibe zambiri zouza mayi amene amachoka ku Mchengautuwa wapansi m'mawa uliwonse dengu lili pamutu. Vuto limene mpikisano wakunja ukuliona ngati lalikulu mwina si limene lili pakhomo panu.

Magemu onse amene anathandizawa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: anasankha gulu limodzi la anthu ndi vuto limodzi. Inu mwatenga matenda anayi a anthu a misinkhu yosiyana, wa BP ndi bambo wa zaka 50 pamene wa malungo mwina ndi mwana wa zaka 4. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. M'miyezi 2 mukhoza kuchita bwino chimodzi chokha.

Gemu ya mafunso ndi imene pafupifupi gulu lililonse limayamba kuiganiza chifukwa ndi yosavuta kulemba, ndiye oweruza akamafika pa yanu adzakhala ataona kale zina zofanana nayo. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri n'china. Pitani pasukulu ya pulaimale iliyonse, kaya ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Masasa, mufunse ana a Sitandade 5 chimene chimafalitsa malungo. Manja adzakwera onse: udzudzu. Afunseni zoyenera kuchita asanadye, adzayankha ngati nyimbo kuti kusamba m'manja ndi sopo. Anazimva kale pawailesi, kusukulu, kutchalitchi ndi kwa alangizi a zaumoyo. Chimavuta n'chakuti zodziwazo zimakumana ndi moyo weniweni: sopo watha, pampopi madzi sakutuluka, neti yang'ambika, mayi akuyenera kulawirira kumsika pamene mwana watentha thupi. Gemu ya mafunso imapereka mapointi pa zimene munthu akudziwa kale, pamene pali bala osakhudzapo.

Izi ndinaziona ndi maso anga. Chaka china ndinaperekeza gulu la achinyamata kukayesa gemu yawo ya ukhondo pasukulu ina kuno ku Mzuzu. Anali atalimbikira kwambiri kulemba mauthenga a zaumoyo amene ankatuluka pasikirini munthu akamaliza gawo lililonse. Tinapatsa foni mtsikana wa Sitandade 6. Anaigwira ndi manja awiri, lilime lili pakati pa mano, anzake atamuunjirira mpaka kutseka kuwala kwa pawindo. Uthenga uliwonse ukatuluka, chala chake chinkaudutsa usanathe n'komwe kuonekera. Atamaliza tinamufunsa zimene mauthengawo ankanena, sanakumbuke ngakhale umodzi. Koma anatiuza yekha, tisanamufunse, kuti m'gemumo osamatunga madzi mundowa yosavundikira chifukwa mphamvu zimatsika, uzifunafuna ndowa ya buluu ya chivundikiro. Zimenezo sizinalembedwe paliponse. Linali lamulo la masewerawo, ndipo analiphunzira chifukwa linamugwetsa kawiri. Kuchokera tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti uthenga wa zaumoyo uzikhala m'zimene chala cha wosewera chikuchita.

Ndikupatseni chitsanzo choti muchiganizire ndi mnzanu wa unamwinoyo. Iye akudziwa kuti mankhwala a malungo a LA amamwedwa kasanu n'kamodzi m'masiku 3, ndipo akudziwanso kuti mwana amayamba kupeza bwino mankhwalawo asanathe. Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Tiyerekeze kuti wosewera ndi mtsikana wa zaka 13 amene wasiyiridwa mng'ono wake mayi atapita kukagulitsa tomato. Tsiku loyamba mwana watentha thupi. Ndalama zili m'kachitini n'zochepa, ndipo zomwezo n'zogulira ndiwo ndi makala. Akhoza kugula mapiritsi pa okala yapafupi n'kubwerera msanga kukaphika, kapena kubereka mwana kupita kuchipatala, kukaima pamzere, kukabayitsa chala n'kudikira zotsatira. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake pa nthawi, pa ndalama ndi pa mphamvu za mwana.

Tsiku lachiwiri madzulo mwana uja wadzuka, akuthamangitsa mpira panja. Nthawi yomweyo mayi oyandikana nawo nyumba akugogoda: wawonso watentha thupi, awagawireko mapiritsi otsalawo. Ndi mayi omwewo amene dzulo anabwereketsa mchere. Pakona ya sikirini pali kazenera koonetsa magazi a mwana, tizilombo tachepa koma sitinathe. Wosewera akagawa mapiritsiwo, gemu isamukalipire, isalembe kuti walakwa. Ingopitirira, masiku angapo adutse, tizilombo tija tichulukenso, thupi litenthenso, ndipo mwana wa oyandikana nawo uja nayenso asachire chifukwa analandira mankhwala osakwanira. Pakhalenso njira yachitatu imene wosewera aitulukire yekha: kuwaperekeza mayiwo kuchipatala, kutayapo nthawi yophika, koma ana onse awiri n'kuchira ndipo chinansi n'kukhalapobe. Munthu amene wadutsa m'zimenezi katatu pafoni amakhala atayeserera kale kunena mawu ovuta aja oti “mapiritsiwa ngoti amalize”.

Kuti gemu isatope msanga, kutentha thupi kuzibwera ndi zifukwa zosiyana nthawi iliyonse. M'Chichewa chathu kutentha thupi kulikonse timangoti malungo, ndipo n'chifukwa chake anthu amamwa mankhwala asanayezetse. Nthawi zina zotsatira zizituluka zoti malungo mulibe, wosewera aone kuti akanagula LA mwachisawawa akanataya ndalama matenda enieni n'kumakula. Ndipo nthawi zina mwana azionetsa zizindikiro zoopsa: kukomoka, kusanza chilichonse, kulephera kumwa kapena kuyamwa, kulefukiratu. Pamenepo njira yopambana ikhale imodzi yokha, kusiya zonse n'kuthamangira kuchipatala, ngakhale usiku, ngakhale mvula ya ku Mzuzu ikugwa.

Mukasankha kolera kaganizidwe kake n'komweko. Mliri umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo abale athu a ku Nkhata Bay anauona pafupi. Gemu yake ingakhale ya madzi: a pachitsime ndi aulere, a pakiosiki ndi ogula, kuwiritsa kumadya makala, kolorini amafunika kumusamala, ndipo matendawo amaonekera patadutsa maola angapo kapena masiku, wosewera ataiwala kale pamene anatunga.

Taganizirani bawo. Maenje 32, malamulo ochepa, popanda mawu olembedwa ngakhale amodzi, koma madala amakhalira pomwepo dzuwa mpaka kulowa, chifukwa kusuntha kulikonse kuli ndi zotsatira zimene zimazungulira bolodi yonse, ndiponso pali mnzako woti umugonjetse. Phada, fulaye ndi jingo n'chimodzimodzi, amasewera ndi anzawo. Ngati mungathe, ikanimo njira yoti ana awiri azisinthana foni imodzi, aliyense ndi banja lake m'gemumo, aone amene afike kumapeto kwa dzinja ana ake ali bwino. Kukangana kumene kudzabuke pakati pawo n'kumene kudzafikitse nkhaniyo kwa makolo. Koma chonde musatengere njira za juga, zija zozungulitsa gudumu kuti mwina upate mphoto. Achinyamata athu ambiri akuvutika kale ndi kubetcha, ndipo gemu ya zaumoyo isakhale sukulu yophunzitsira ana chilakolako chimenecho.

Tibwerere ku mafoni obwereka aja. Ofufuza a ku Kisumu anali ndi ndalama zogulira ana mafoni, inu mulibe. Gemu yanu idzaseweredwa pafoni imene ilipo kale pakhomo. Dutsani ku Taifa Market kapena m'mashopu a mafoni m'tauni muone amene akutuluka kwambiri: itel ndi Tecno zotsika mtengo, za RAM ya 1 GB kapena 2 GB. Foni yotero ikafika kunyumba imadzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp, galasi limasweka pakona, ndipo mwini wake ndi mayi kapena achimwene, mwana amaigwira madzulo okha kwa mphindi zochepa batire lili pafupi kutha. Choncho gemu yanu izigwira ntchito popanda intaneti kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine ndimalangiza kuti isapose 30 MB, kuti munthu asalire bandulo ndiponso kuti izitumizika pa Bluetooth kapena pa Xender. Gawo limodzi lizitha m'mphindi 3 kapena 5, ndipo izisunga yokha pamene munthu walekezera, chifukwa foni imalandidwa nthawi iliyonse kukabwera kuitana.

Ngati malamulo a mpikisano akulola, musanyoze mafoni a mabatani. Mu 2012 kunatuluka gemu yotchedwa 9-Minutes, ya mafoni oterowo, ya amayi a ku India ndi kum'mawa kwa Africa, imene imadutsitsa wosewera miyezi 9 ya pakati m'mphindi 9. Palinso Wanji Games, nkhani zomvera pafoni zimene munthu amasankha zochita podina manambala, zosafuna kudziwa kuwerenga. Kumidzi ya ku Mzimba, ku Rumphi ndi ku Chitipa, njira zoterezi zimafika kumene Android sinafike.

Nkhani ya chilankhulo kuno kumpoto musaitenge mopepuka. Mwana wa mumzinda amasakaniza Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi, koma agogo ake amene akumuyang'anira akusewera amafuna kumva “maji” osati “madzi”. Ikani Chitumbuka ndi Chichewa kuyambira pachiyambi, Chingerezi chikhale cha oweruza. Ndipo kulikonse kumene mungathe, mawu azimveka m'malo molembedwa. Achinyamata a magulu a zisudzo a kusukulu kapena kutchalitchi akhoza kukujambulirani mawu pafoni, m'chipinda chotseka bwino, usiku phokoso la njinga zamoto litachepa. Mlongo wanuyo ajambule zimene amaziona: nyumba za malata, mbaula, chitenje, kabaza, matope a m'dzinja, juzi la mu June. Mwana akadziona m'gemu amakhalitsamo.

Pa Edzi ndikuchenjezeni mwapadera, popeza munaitchula. Foni ndi yobwerekana. Wachinyamata amene amamwa ma ARV, amene mwina anzake a m'kalasi sadziwa, sangasunge pafoni gemu imene kachithunzi kake ndi kariboni kofiira kapena imene imalira kuti nthawi ya mankhwala yakwana. Mukhoza kumuulula musakufuna, ndipo chilonda chimenecho sichipola msanga. Mukafuna kulowera kumeneko, yambani mwakambirana ndi amene amayendetsa ma Teen Club, magulu a achinyamata amene ali ndi HIV, m'zipatala, amve maganizo anu, ndipo achinyamatawo anene okha zimene angalole kuti zioneke pasikirini. Pa gemu iliyonse, musafunse dzina, nambala ya foni kapena matenda a wosewera. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la mu 2024, limene MACRA ikuyang'anira, ndipo nkhani za umoyo ndi za ana zimafuna chisamaliro chapadera. Njira yosavuta yotsatira lamuloli n'kusatolera chilichonse chimene simukuchifuna.

Mnzanu wa unamwino ndi chuma, koma akadali pasukulu. Mawu aliwonse a zaumoyo amene alowe m'gemu awaonenso munthu amene ali kale pantchito. Ku ofesi ya zaumoyo ya Mzimba North kuli ogwira ntchito yofalitsa mauthenga a zaumoyo, ndipo ku Unduna wa Zaumoyo kuli nthambi imene imaunika mauthenga otere asanapite kwa anthu. Mukafuna za umoyo wa m'maganizo, kuno tili ndi mwayi wa chipatala cha St John of God. Pitani ndi pepala limodzi lofotokoza zimene mukufuna, mupemphe mphindi 20. Gemu yanu isayeze munthu matenda, isamuuze kuchuluka kwa mankhwala oti amwe. Ntchito yake n'kumukankhira kuchipatala msanga. Pamapeto pa gawo lililonse mukhoza kuikapo nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, kumene anthu amaimba kwaulere kuti alandire uphungu wa zaumoyo.

Nambala imeneyi ndaitchula dala, chifukwa ikuyankha funso lanu loti mipikisano ili ndi phindu kapena ayi. Chipatala Cha Pa Foni chinabadwira mumpikisano. Mu 2010 bungwe la Concern Worldwide linapempha Amalawi kuti apereke maganizo opulumutsira miyoyo ya amayi ndi ana. Maganizo a anthu awiri, Soyapi Mumba amene anali katswiri wolemba mapulogalamu a pakompyuta ndi Clement Mwazambumba, anaphatikizidwa, ndipo bungwe la VillageReach linayamba kuwayesa ku Balaka mu 2011. Kenako ntchitoyo inafalikira m'maboma onse mpaka boma linaitenga kukhala yake. Koma onani kuti panadutsa zaka zambiri, ndipo panafunika bungwe loiyendetsa, kampani ya mafoni yolola kuimba kwaulere ndi unduna woilandira. Mphoto inangotsegula chitseko. Ndaonapo magemu abwino ndithu amene anapambana, anthu n'kujambulitsa atanyamula cheke chachikulu, koma patatha chaka osapezekanso paliponse chifukwa panalibe amene anaganizira za tsiku lotsatira.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: werengani malamulo a mpikisanowo mzere ndi mzere musanalembe code ngakhale imodzi. Choyamba kufufuza n'chakuti gemu idzakhala ya ndani mukaipereka. Mipikisano ina imangopempha chilolezo choionetsa, umwini n'kutsala kwa inu. Ina imatenga umwini wonse, ngakhale wa amene sanapambane, ndipo yoteroyo ine sindingakulimbikitseni pokhapokha mphotoyo ikhale yolipiradi thukuta lanu. Ina, monga thumba la UNICEF Venture Fund, imafuna kuti code ikhale yotseguka kwa aliyense, zomwe si zoipa bola mudziwiretu. Onaninso ngati mphotoyo ndi ndalama m'manja kapena maphunziro ndi upangiri, ndiponso ngati Amalawi akuloledwa, chifukwa ina imatchula mayiko. Aliyense wokuuzani kuti mutumize kaye ndalama ya kalembera pa nambala ya munthu, kapena kuti mwapambana koma mulipire kuti mphoto ituluke, ameneyo ndi wakuba. Fufuzani chilengezocho pa tsamba lenileni la bungwe limene latchulidwalo.

Inu atatu mulemberanenso pangano, ngakhale kuti mmodzi ndi mlongo wanu wa bere limodzi. Pepala limodzi likwana: ndani akuchita chiyani, mphoto idzagawidwa bwanji, wina akachoka zojambula zake kapena code yake idzatani. Ngati mlongo wanuyo sanakwane zaka 18, makolo asayine. Nyimbo za oimba athu musaziike popanda chilolezo chawo, ndipo a COSOMA akhoza kukulangizani za umwini wa ntchito yanu.

Oweruza amakhala ndi magemu ambiri ndi nthawi yochepa. Mphindi yoyamba ndi imene imagamula. Akatsegula gemu yanu, azipeza akusewera kale, osati akuwerenga mbiri ya malungo kapena akulemba dzina. Gawo limodzi lomalizidwa bwino limaposa magawo 10 osweka. Pambuyo pake amafuna kumva vuto limene mwasankha m'chiganizo chimodzi, chonga ichi: ana ambiri samaliza LA chifukwa amaoneka ngati achira tsiku lachiwiri. Amafunanso umboni woti munatuluka m'nyumba. Kavidiyo ka mphindi 2 koonetsa manja a ana akusewera, mawu awo akukangana, ndi zimene munasintha mutaona pamene akukakamira, kamalankhula kuposa masamba 20. Pemphani chilolezo cha makolo ndi aphunzitsi, ndipo nkhope za ana musazionetse.

Musalonjeze zimene simungathe kuonetsa. Mukanena kuti gemu yanu idzachepetsa malungo ndi theka, dokotala amene ali pakati pa oweruza adzasiya kukumverani pomwepo. Nenani zimene munaona: ana angati anasewera, angati anabwereza osauzidwa, angati anasintha chisankho ulendo wachiwiri. Kudziwa, kufuna kuchita ndi kuchitadi ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo m'miyezi 2 mungathe kuonetsa ziwiri zoyambazo basi. Kuyesa ngati gemu ikukoma ndi nkhani ina, koma tsiku limene mudzafune kutolera zokhudza umoyo wa anthu kapena kufalitsa zotsatira ngati kafukufuku, mudzafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga ya pa Mzuzu University kapena ya dziko lonse ya NHSRC. Kungotchula kuti mukudziwa zimenezi kumakuikani patsogolo. Adzakufunsaninso kuti gemu idzafika bwanji kwa anthu. Yankho loti “tidzaiika pa Play Store” n'losakwanira. Tchulani aphunzitsi a makalabu a zaumoyo, alangizi a zaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo, ngakhale anyamata aja oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pamsika, amene amafikira anthu ambiri kuposa mmene timaganizira.

Za laputopu musadandaule. Gemu ya zithunzi zafulati ngati imene ndafotokozayi siifuna makina amphamvu. Pa mapulogalamu opangira magemu, Godot ndi yaulere ndipo ndi yopepuka, GDevelop ndi yosavuta kwambiri kwa woyamba kumene, pamene Unity imalemera pa laputopu yakale ndipo imadya bandulo poikoka. Tengani imene mukuidziwa kale, miyezi 2 si nthawi yophunzira chida chatsopano chovuta. Sungani ntchito yanu m'malo awiri tsiku lililonse, poti magetsi akazima mwadzidzidzi laputopu yakale sichedwa kutaya zinthu. Ngati mpikisano ukufuna kuti gemu ikhale pa Google Play, dziwani kuti kulembetsa ndi madola 25 olipira pakhadi, ndipo akaunti yatsopano ya munthu payekha imafunika anthu 12 oyesa gemuyo kwa masiku 14 isanaloledwe kupita kwa anthu onse. Masiku amenewo muwawerengeretu. Mipikisano yambiri imalandira fayilo ya APK, yoika gemu mwachindunji m'foni ya Android, koma funsani. Ku Mzuzu E-Hub ndi kwa ophunzira a ICT ku Mzuni ku Luwinga mukhoza kupeza anzanu okuyeserani gemu pa mafoni osiyanasiyana. Ndipo kaya mupambane kaya ayi, chaka chilichonse mu January kumachitika Global Game Jam, imene inayamba mu 2009, kumene magulu amapanga gemu m'maola 48. Ndi malo abwino onolera luso.

Masabata 8 anuwo ndingawagawe motere. Yoyamba ithere pa kumvetsera: mnzanu wa unamwino acheze ndi amayi kusikelo ndi alangizi a zaumoyo, amve pamene anthu amapunthwa, ndipo musankhe vuto limodzi. Yachiwiri ikhale ya makatoni. Masabata 4 otsatira ndi a code ndi zojambula, koma Lachisanu lililonse gemu izilowa m'foni ya itel n'kupita m'manja mwa mwana amene sakukudziwani, inu mutakhala chete osamuthandiza. Awiri omaliza ndi okonza zolakwika, kujambula kavidiyo ndi kulemba fomu, ndipo mutumize kutatsala masiku 3, chifukwa netiweki imakonda kuvuta tsiku lomaliza.

Za makatonizo ndikutanthauza zenizeni. Dulani katoni ya sopo, mlongo wanu ajambulepo nyumba, okala, chipatala ndi msika. Zitsekerero za mabotolo zikhale ndalama, nyemba 6 zikhale mapiritsi, njere za chimanga zikhale tizilombo tobisika pansi pa kapu. Inu mukhale kompyuta, muzisuntha zinthu malinga ndi zimene mwana wasankha. Itanani ana anayi kapena asanu a pamzere wanu ku Chibaviko Loweruka masana, makolo awo akudziwa, muwafotokozere malamulo kamodzi kokha. Akayamba kuyang'ana kumsewu, sinthani malamulo muyesenso ndi gulu lina. Akamaliza n'kunena okha kuti tibwereze, tsegulani laputopu ija muyambe kulemba code.